Wapansi mpaka ku Santiago de Compostela: kukonza ulendo woti muonenso malo m'njira

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Spain, m'chigawo cha Galicia, kuli mzinda wa Santiago de Compostela. Kunsi kwa guwa la tchalitchi chachikulu cha mumzindawu kuli bokosi la siliva limene mwambo wa Mpingo umati muli mafupa a Yakobo mtumwi, mwana wa Zebedayo, uja Herode anamupha ndi lupanga pa Machitidwe 12:2. Mandawa anatulukira m'zaka za m'ma 800, ndipo chiyambire pamenepo anthu akhala akupitako wapansi. Sanaleke mpaka lero. Mu 2024 mokha, amene analandira chikalata chosonyeza kuti afika anali pafupifupi theka la miliyoni. Njira zonse zolowera kumeneko zimatchedwa Camino de Santiago, ndipo oyendamo si Akatolika okha. Muli a mipingo ina, muli ofedwa, muli ongopuma kumene pantchito amene akufuna kulingalira za moyo wawo.

Chimene chimawononga ulendowu kwa ambiri ndi masiku othina. Munthu amagula tikiti yobwerera asanawerenge bwino, ndiye tsiku lililonse mtunda umamuthamangitsa. Amadutsa pakhomo pa tchalitchi cha zaka 800 maso ali pa wotchi. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, makamaka kwa ife amene ulendo wotere timausungira ndalama zaka zambiri, mwinanso sitidzaubwereza. Malangizo awa ndi oti mufike muli ndi miyendo yanu, mutaonanso zimene zili m'njira.

1. Yambani ndi masiku, njira ibwere pambuyo

Tengani pepala mulembe masiku onse amene kuntchito ndi kunyumba akulolani. Ngati mukunyamukira ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Harare, chotsanipo awiri opitira ndi awiri obwerera, poti ndege yolunjika ku Spain kulibe. Chotsaninso awiri okhala mu Santiago. Pa otsalawo, sabata iliyonse muchotsepo tsiku limodzi lopuma. Tsopano masiku amene atsala muwachulukitse ndi makilomita 20. Yankho limene mwapezalo ndiwo mtunda wanu, ndipo musakangane nalo. Mabuku ambiri amawerengera makilomita 25 patsiku, koma amenewo ndi a munthu wofika n'kugona, osati wofika n'kukaona mzinda.

Njira yotchuka ndi Camino Francés. Imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France, n'kuwoloka mapiri a Pyrenees, ndipo ndi makilomita pafupifupi 780, kupyola mtunda wa Blantyre mpaka ku Mzuzu. Ambiri amaimaliza m'masiku 33 mpaka 35. Wofuna kuona malo awerengere masiku 40 oyenda. Palibe lamulo loti muyambire koyambirira. Kuchokera ku León ndi makilomita oposa 300 pang'ono, ku Ponferrada oposa 200 pang'ono, ku Sarria pafupifupi 115.

Pali Camino Portugués, yochokera ku Porto, ya makilomita pafupifupi 240 mukadzera kumtunda. Mapiri ake ndi ochepa, ndipo abale athu a ku Tete ndi Angónia amene amayankhula Chipwitikizi sadzavutika kufunsa njira. Ngakhale atawoloka kulowa mu Galicia, chiyankhulo cha kumeneko n'chapachibale ndi Chipwitikizi. Pali Camino Inglés yochokera ku Ferrol, ya masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, yabwino kwa okhala ku Britain amene tchuthi chawo n'chachifupi. Camino Primitivo yochokera ku Oviedo ndi yokongola kwambiri koma ndi mapiri okhaokha. Muisungire ulendo wachiwiri.

Maganizo anga ndi awa: ngati muli ndi milungu iwiri kapena itatu yokhala m'njira, yambirani ku Ponferrada, Astorga kapena León, osati ku Sarria. Ku Sarria n'kumene chinamtindi cha anthu chimayambira, chifukwa ndi pomwe pamakwanira makilomita 100 ofunika kuti munthu alandire chikalata. Woyambira pamenepo saona mapiri, sadziwanso bata la njirayi.

2. Sankhani mwezi

Meyi, Juni ndi Sepitembala ndiyo miyezi yabwino. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kwa m'chidikha cha pakati pa Burgos ndi León kumapyola madigiri 35, mthunzi ulibe, ndipo mabedi amalimbiranidwa. Musanene kuti dzuwa munalizolowera kwanu. Kuzolowera dzuwa n'kwina, kuliyendera maola asanu ndi limodzi mutabereka katundu tsiku ndi tsiku n'kwinanso. Nyengo yozizira malo ogona ambiri amatseka, ndipo njira yapamwamba yowolokera Pyrenees imatsekedwa mwalamulo kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi chifukwa cha chipale. Ku Galicia mvula imagwa mwezi uliwonse umene yafuna.

Dzuwa la kumeneko lidzakusokonezani. Mu Juni limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Kumayambiriro a Okutobala limatuluka 8 koloko itadutsa, ndiye wolawirira amayenda mumdima ndi tochi.

Onaninso kalendala ya zikondwerero. Kuyambira pa 6 mpaka pa 14 Julayi mzinda wa Pamplona umadzaza ndi chikondwerero cha San Fermín, chija amathamangitsana ndi ng'ombe m'misewu, ndipo bedi silipezeka pa mtengo wa munthu wamba. Tsiku la Yakobo Woyera ndi 25 Julayi. Likagwa Lamulungu, chaka chonsecho chimakhala Chaka Choyera ndipo Khomo Loyera la tchalitchi limatsegulidwa. Chotsatira ndi 2027, kenako 2032. Kwa Mkatolika ndi mwayi waukulu, koma anthu amachuluka koopsa. Wofuna 2027 ayambe kukonzekera kudakali nthawi.

3. Mapepala

Pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa imafuna visa ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, France ndi Portugal, ngakhale mwini wake akukhala ku London. Visayi imalola masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180. Mumaipempha ku dziko limene mudzakhalemo masiku ambiri. Choncho woyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port apemphe ya Spain, ngakhale tsiku loyamba adzagona ku France. Woyambira ku Porto awerenge bwino mausiku a mbali iliyonse. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndiye musadikire mwezi womaliza. Adzafuna inshuwalansi yachipatala ya mayuro osachepera 30,000, umboni wa ndalama za kubanki, tikiti, ndi umboni wa kogona.

Pa kogonapo m'pamene pamavuta, chifukwa nyumba zambiri za amwendamnjira sizisungitsa malo. Lembani ndondomeko ya tsiku ndi tsiku yokhala ndi dzina la mudzi ndi mtunda wake. Sungitsani malo m'nyumba zimene zimalola kutero ndiponso zimalola kusintha popanda chindapusa. Onjezerani kalata yofotokoza cholinga cha ulendo, ndipo ngati bambo mfumu kapena abusa anu angakulembereni yawo, iikeni pamodzi.

Pepala lachiwiri ndi credencial, kabuku kopindapinda kamene kamakudziwitsani kuti ndinu wa paulendo wopita ku malo oyera. Popanda iko simulandiridwa m'nyumba za amwendamnjira. Kamagulidwa mayuro ochepa chabe ku ofesi ya amwendamnjira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, ku tchalitchi chachikulu cha Porto, ndi m'nyumba zogona zambiri. Okhala ku Britain ndi ku South Africa angathe kukapeza asananyamuke kudzera ku bungwe la Confraternity of St James la m'dziko lawo. M'kabukuka mumadinditsa tsiku lililonse, kogona, kutchalitchi, ngakhale pomwera khofi. Pa makilomita 100 omaliza pamafunika zidindo ziwiri patsiku, zokhala ndi deti. Kasungeni m'pepala la pulasitiki limodzi ndi pasipoti.

4. Phunzitsani miyendo, ndipo nsapato ziphunzire nanu

Yambani miyezi itatu isanakwane. Masabata oyamba yendani makilomita asanu kapena asanu ndi atatu katatu pasabata. Onjezerani pang'onopang'ono. Mwezi womaliza muziyenda makilomita 20 Loweruka, n'kubwerezanso Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, chikwama chili kumsana ndi katundu yense amene mudzanyamule. Tsiku lachiwirilo ndilo lofunika. Aliyense angathe kuyenda mtunda wautali kamodzi. Chimene mukuphunzitsa thupi ndi kudzuka m'mawa miyendo ili yowawa n'kuyambanso.

Funani phiri. Zomba, Michiru, Dedza, Nkhoma, lililonse lili pafupi nanu. Yesererani kutsika kuposa kukwera, chifukwa mawondo ndi zikhadabo za kuphazi zimaonongekera pa mtsetse.

Nsapato zikhale zazikulu kuposa zamasiku onse ndi saizi imodzi, poti mapazi amatupa. Mukagule madzulo, mutavala masokosi amene mudzayende nawo. Pa Camino Francés ndi Portugués m'miyezi yotentha, nsapato zopepuka zothamangira m'tchire zimakwanira. Majombo olemera amawotcha mapazi. Zapakaunjika zili bwino ngati kunsi kwake sikunathe. Chachikulu n'chakuti muziyendere makilomita osachepera 100 musanakwere ndege. Nsapato yatsopano isaone Spain.

Amene muli ndi shuga, BP kapena vuto la mtima, kaonaneni ndi dokotala musanayambe, ndipo mudzanyamule mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata yake.

5. Chikwama

Chisalemere kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lanu. Wolemera makilogalamu 70 anyamule 7, madzi asanalowemo. Cha malita 35 kapena 40 n'chokwanira, chokhala ndi lamba wa m'chiuno kuti katundu akhale pa chiuno osati pa mapewa.

Zovala ndi ziwiriziwiri: chimodzi pathupi, china chikuuma. Masokosi atatu. Juzi imodzi yopepuka, chodzitetezera ku mvula, chipewa, thumba logonamo lopepuka, kathaulo, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira, mapatapata a madzulo, tochi ya pamutu, botolo la madzi, vaselini, pulasitala, ndi mapini ochepa opachikira masokosi onyowa pachikwama. Amayi, chitenje chimodzi chigwira ntchito zambiri: chofunda, chotchingira bedi, chovala pamene zina zili pachingwe. Musaiwale totsekera m'makutu. M'chipinda cha anthu makumi anayi simulephera kukhala oliza mkonono.

Ndodo zoyendera ndi mpeni sizilowa nanu m'ndege. Zitumizeni ndi katundu wapansi kapena mukagule komweko. Nyama ndi zamkaka zochokera kwathu n'zoletsedwa kulowa nazo ku Ulaya. Ngati msana ukuvuta, a positi ya Spain, Correos, ndi makampani ena amanyamula chikwama kukachisiya kumene mukagone, pa mtengo wa mayuro ochepa patsiku. Palibe chamanyazi pamenepo, koma zimafuna kuti mudziwiretu kogona.

6. Gawani njira molingana ndi zimene mukufuna kuona

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Lamulo langa ndi ili: tsiku lolowa mumzinda waukulu likhale lalifupi, makilomita 10 kapena 12, kuti mufike dzuwa lisanafike paliwombo. Mukasamba n'kudya, masana onse ndi anu. Wolowa mu Burgos 5 koloko madzulo atayenda makilomita 28 sadzaona kanthu koma bedi. Kumbukiraninso kuti nyumba zambiri zosungira zakale zimatseka Lolemba, ndipo matchalitchi ndi masitolo a m'midzi amatseka masana kuyambira cha m'ma 2 mpaka 5 koloko. Onetsani credencial pakhomo. Malo ambiri amatsitsa mtengo.

Ndidutse nanu Camino Francés mwa dongosolo lake.

Tsiku loyamba ndilo lovuta kuposa onse: makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Roncesvalles, kukwera mamita oposa 1,200. Ligaweni pawiri pogona ku Orisson, makilomita asanu ndi atatu kuchokera poyambira, koma malo ake amafunika kusungitsa miyezi ingapo pasadakhale. Kukachita nkhungu kapena mphepo, mverani a ku ofesi mudzere njira ya m'munsi ya Valcarlos. Anthu afapo pa phirili. Ku Roncesvalles musaphonye Misa ya madzulo, pamene ansembe amaitana amwendamnjira kutsogolo n'kuwadalitsa m'ziyankhulo zosiyanasiyana.

Mukadutsa Pamplona mumakwera Alto del Perdón, pamene pali zifanizo zachitsulo za anthu apaulendo. Kutsika kwake ndi miyala yogubuduzika, yendani mwachifatse. Musanafike ku Puente la Reina patukani makilomita ochepa mukaone katchalitchi ka Eunate, ka ngodya zisanu ndi zitatu, kali kokha pakati pa minda. Funsiranitu nthawi imene amatsegula. Mlatho wa Puente la Reina ndi wa m'zaka za m'ma 1000 ndipo mudzawolokerapo ndi mapazi anu. Kungotuluka mu Estella, pa Irache, pali mpopi wotulutsa vinyo waulere pakhoma la kampani ya vinyo. Lawani pang'ono ngati mumamwa, mtunda udakalipo.

Ku Santo Domingo de la Calzada lowani m'tchalitchi chachikulu muyang'ane m'mwamba pakhoma. Muli khola lokongoletsedwa, ndipo m'kati mwake muli tambala ndi thadzi, zoyera, zamoyo. Nthano yake imati mnyamata wina wapaulendo ananamiziridwa kuba chikho cha siliva n'kupachikidwa, koma makolo ake pobwerera anamupeza ali moyo. Atakauza woweruza, amene anali pa chakudya, iye anati mnyamatayo ali moyo ngati nkhuku zootcha zimene zinali m'mbale mwake. Nkhukuzo zinadzuka n'kulira. Makilomita ochepa kutsogolo kuli Grañón, kumene amwendamnjira amagona pa timatiresi pansi m'nyumba yolumikizana ndi tchalitchi, amaphika limodzi, n'kupemphera limodzi usiku. Ngati mwabwerera pemphero, konzani kuti usiku umodzi ukupezeni pamenepo.

Burgos ndi wa tsiku lathunthu lopuma. Polowa, funsani njira ya m'mbali mwa mtsinje wa Arlanzón, chifukwa inayo imadutsa m'mafakitale pa tala wowotcha mapazi. Tchalitchi chake chachikulu anayamba kuchimanga mu 1221, ndipo muli manda a El Cid, msilikali wotchuka wakale wa ku Spain. Chipatseni maola awiri kapena atatu.

Kuchokera pamenepo mpaka ku León ndi chidikha chotchedwa Meseta: tirigu, thambo, ndi adokowe omanga zisa pa nsanja za matchalitchi. Ena amakwera basi kuchidumpha. Ine ndikuti musatero ngati masiku alipo. M'menemo ndimo mmene maganizo amakhazikika ndipo kolona imapemphereka bwino. Ku Frómista kuli tchalitchi cha San Martín, chaching'ono koma chomangidwa mwaluso. Ku Carrión de los Condes asisitere a Augustino Woyera amasonkhanitsa alendo madzulo kuti aimbe limodzi. M'mawa mwake dzazani mabotolo onse, chifukwa kuchokera pamenepo mpaka ku Calzadilla de la Cueza ndi makilomita 17 opanda mudzi.

León ndi tsiku lina lopuma. M'tchalitchi chachikulu lowani dzuwa likuwala, poti ulemerero wake uli m'magalasi amitundumitundu amene atenga pafupifupi makoma onse. Kaoneninso San Isidoro, kumene denga la manda a mafumu lili ndi zojambula za zaka pafupifupi 900. Ku Astorga kuli nyumba ya episkopi imene pulani yake anajambula ndi katswiri wa zomangamanga Antoni Gaudí. Ku Rabanal del Camino amonke amaimba mapemphero a madzulo m'Chilatini.

M'mawa wotsatira mumafika pa Cruz de Ferro, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Ndi kamtanda kachitsulo pamwamba pa mzati wautali wamtengo, ndipo patsinde pake pali mulu waukulu wa miyala. Mwambo wake ndi woti aliyense abwere ndi kamwala kochokera kwawo adzakasiye pamenepo pamodzi ndi chimene chikumulemera mumtima. Mukayandikira mudzaona miyala yolembedwa mayina, zithunzi za omwalira zofufuma ndi mvula, makolona omangidwa kumzati. Anthu sayankhula mokweza pamenepo. Tolani kamwala kanu musanachoke kumudzi, pabwalo la makolo kapena kumunda, kochepa koti kalowe m'thumba. Fikani m'mamawa mabasi a alendo asanabwere. Kutsika kwake kukafika ku Molinaseca n'kwautali ndi kwamiyala, choncho tsiku limenelo musaliunjikire mtunda.

Ku Ponferrada kuli linga la ankhondo a Templar. Kenako mumakwera ku O Cebreiro, khomo la Galicia, mudzi wa nyumba zamiyala zozungulira zofolera ndi udzu. M'tchalitchi chake muli manda a wansembe Elías Valiña, amene m'zaka za m'ma 1980 anayamba kujambula mivi yachikasu yosonyeza njira imene mwakhala mukuitsata pa miyala, pamitengo ndi pamakoma. Mukafika ku Triacastela njira imagawikana. Ya ku Samos ndi yotalikirapo ndi makilomita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, koma imadutsa pa nyumba yakalekale ya amonke a Benedikito, m'chigwa cha mitengo. Dzerani kumeneko.

Galicia adzakukumbutsani kwathu. Pakhomo lililonse pali kanyumba kowonda kokwezedwa pa mizati yamiyala, kokhala ndi mipata yolowera mphepo ndi miyala yafulati yotchinga makoswe. Ndi nkhokwe za chimanga. Cha kumapeto mudzayendanso m'nkhalango za bulugamu. Kuchokera ku Sarria ambiri amagona ku Portomarín, Palas de Rei, Arzúa ndi O Pedrouzo. Inu muzigona m'midzi ya pakati pa malo amenewa, kumene mabedi sathera msanga ndipo m'mawa njira imakhala yanu. Ku Portomarín zungulirani tchalitchi muyang'anitsitse khoma: miyala ina idakali ndi manambala. Pomanga damu la Belesar cha m'ma 1960, mudzi wakale unamira, ndipo tchalitchicho anachiphwasula mwala umodziumodzi n'kukachimanganso pamtunda. Ku Melide lawani pulpo, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, yowiritsa n'kuthira mafuta a olivi ndi tsabola wofiira.

Simungaone zonse. Sankhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene simungalole kuziphonya, muzilembe ndi inki. Zotsalazo lembani ndi pensulo.

7. Kogona, chakudya ndi ndalama

Nyumba za amwendamnjira zimatchedwa albergue. Zilipo za boma, za maparishi, ndi za anthu wamba. Za boma ku Galicia zakhala zikulipiritsa mayuro 10, ndipo wofika msanga ndiye amapeza bedi. Za anthu wamba n'zokwererapo koma zimasungitsa malo pafoni. Zina za maparishi zilibe mtengo, mumaponya m'bokosi zimene mungathe. Musazitenge ngati zaulere. Chimene mwaponya lero ndicho chidyetse obwera mawa. Zambiri zimatsegula cha m'ma 1 koloko masana, zimatseka chitseko 10 koloko usiku, ndipo pofika 8 koloko m'mawa muyenera kukhala mutatuluka. Kawirikawiri salola kugona kawiri, ndiye pa masiku opuma sungitsani chipinda m'nyumba ya alendo wamba.

Mukafika, nsapato zimatsala pa shelefu pakhomo. Chikwama musachiike pabedi, ndipo yang'anani m'misoko ya matiresi ngati muli nsikidzi. Sambani, chapani, yanikani dzuwa lidakalipo. Longedzani usiku, kuti m'mawa mutuluke mwakachetechete osakhwekhwereza mapepala a pulasitiki anzanu ali mtulo. Pasipoti, ndalama ndi foni zipite nanu ngakhale kubafa.

Nsima muiiwale kaye. M'mawa ndi khofi wamkaka ndi buledi kapena tortilla, mazira okazingira limodzi ndi mbatatesi. Madzulo malo odyera ambiri ali ndi chakudya cha amwendamnjira, mbale zitatu ndi chakumwa, cha pakati pa mayuro 12 ndi 16. Kuphika nokha kumapulumutsa ndalama, koma makhitchini ambiri a nyumba za boma ku Galicia alibe mapoto. Lamulungu masitolo amatseka, gulirani Loweruka. Madzi a pa mipopi ya m'midzi ndi abwino, kupatula pamene palembedwa kuti no potable, kutanthauza kuti si akumwa.

Werengerani mayuro 35 mpaka 50 patsiku, kuonjezerapo zipinda za masiku opuma ndi ndalama zolowera m'malo oona. Khalani ndi ndalama zogwirika m'thumba, poti m'midzi ing'onoing'ono makina otapira ndalama mulibe. Ochokera ku Malawi mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, choncho yambani kukambirana ndi banki yanu miyezi ingapo ulendo usanafike.

8. Matuza

Pakani vaselini m'mawa uliwonse, pakati pa zala ndi kuchidendene. Maola awiri alionse vulani nsapato ndi masokosi mapazi apitidwe mphepo. Mukangomva malo ena akutentha, imani pomwepo mumatepo pulasitala, musadikire mudzi wotsatira. Thuza laling'ono lisiyeni. Lalikulu lopweteka liboleni m'mbali ndi singano yoyeretsedwa, finyani madzi, pakani mankhwala opha tizilombo, khungu lake musalichotse. Mudzaona ena akusiya ulusi m'kati mwa thuza. Musatengere, ndi njira yolowetsera matenda. Pakatuluka mafinya, pakafiira mofalikira, kapena ngati muli ndi shuga, pitani kuchipatala. Ululu wa pamsongolo kapena wa mtsempha wa kuchidendene umafuna kupuma tsiku limodzi kapena awiri. Nambala yoimba pangozi ndi 112.

9. Kulowa mu Santiago

Gonani pafupi, ku Lavacolla kapena pa Monte do Gozo, kuti mulowe m'mawa. Njira imathera pa bwalo la Obradoiro, kutsogolo kwa tchalitchi. Khalani pansi pamenepo kaye. Kenako pitani ku ofesi ya amwendamnjira pa Rúa das Carretas, mulembetse, mutenge nambala. Akaona zidindo zanu adzakupatsani Compostela, chikalata cha m'Chilatini chimene chimaperekedwa mwaulere kwa amene wayenda makilomita osachepera 100 wapansi, kapena 200 panjinga, ndi cholinga cha chipembedzo kapena chauzimu. Chikalata china chosonyeza mtunda wonse n'cholipira pang'ono.

Chikwama sichiloledwa m'tchalitchi, kachisiyeni kogona kapena kosungitsa katundu. Misa ya amwendamnjira yotchuka ndi ya 12 koloko masana, ina imachitika 7:30 madzulo. Fikani ola limodzi isanayambe ngati mukufuna mpando. Tsikirani kumanda a mtumwi, ndipo kwerani kuseri kwa guwa kukakumbatira chifanizo chake monga mwa mwambo. Ansembe omvetsera kulapa m'Chingerezi amapezeka. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, cholemera makilogalamu oposa 50, chimene amuna asanu ndi atatu amachikoka ndi chingwe mpaka kutsala pang'ono kugunda denga, sichiuluka pa Misa iliyonse. Chimatuluka pa masiku akuluakulu monga Pasaka, Pentekoste, 25 Julayi, 15 Ogasiti ndi 1 Novembala, kapena gulu lina likalipirira. Mukafuna kuchiona bwino khalani m'mapiko a m'mbali mwa guwa. Khomo losemedwa la Pórtico de la Gloria, ntchito ya mmisiri Maestro Mateo ya mu 1188, limafuna tikiti yake yogulira pasadakhale.

Tsiku lachiwiri lija munalisunga, pitani kunyanja. Ku Finisterre ndi makilomita pafupifupi 90, masiku atatu kapena anayi wapansi kwa amene miyendo idakali ndi mphamvu, koma basi imapita n'kubwera tsiku lomwelo. Pafupi ndi nsanja younikira zombo pali mwala wolembedwa makilomita 0. Mwambo wakale wotentha zovala pamenepo ndi woletsedwa tsopano chifukwa cha moto wolusa. Pobwerera kwanu, sitima yochokera ku Santiago imafika ku Madrid m'maola atatu kapena anayi, ndipo tikiti yake imatsika mtengo mukagula masabata angapo pasadakhale. Gonani ku Madrid usiku womaliza, ndege ya m'mawa isadalire sitima ya tsiku lomwelo.